Mabakiteriya ooneka ngati ndodo

Mabakiteriya ooneka ngati ndodo ndi mabakiteriya amene selo lawo ndi lotalika kuposa m'mimba mwake, ngati kachidutswa ka bango kapena kambewu ka mpunga. Asayansi amatchula mmodzi kuti bacillus ndipo ambiri amawatchula kuti bacilli, mawu a Chilatini otanthauza kandodo. Awa ndi amodzi mwa maonekedwe atatu akuluakulu a mabakiteriya; ena awiriwo ndi obulungira, otchedwa cocci, ndi opotana ngati chingwe. Matenda ambiri odziwika m'chigwa cha Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, monga kolera, chifuwa chachikulu cha TB, taifodi ndi khate, amayamba ndi mabakiteriya a mtundu umenewu. Komabe mabakiteriya a maonekedwe omwewa ndi amenenso amasasitsa thobwa, kuwonjezera chonde m'munda wa nandolo ndi kupha mphutsi za udzudzu. Maonekedwe a selo amathandiza wa mu labotale kuyamba kuzindikira kachilombo, koma sanena ngati kachilomboko n'koopsa, ndiponso sasonyeza ubale wake ndi tizilombo tina.

Kukula ndi mitundu ya ndodo

Bakiteriya wodziwika kwambiri m'gululi ndi Escherichia coli, amene amakhala m'matumbo a munthu ndi a ziweto. Pafupifupi 500 a iwo, atandondozana mutu ndi mchira, ndiye angakwane milimita imodzi. M'mimba mwake ndi mochepera theka la utali wakewo. Ndi maso okha sangaoneke. Pamafunika maikulosikopu yokulitsa chinthu maulendo pafupifupi 1,000, ndipo nthawi zambiri amayamba apakidwa utoto.

Ndodozi sizifanana zonse. Zina ndi zazifupi ndi zonenepa moti zimangotsala pang'ono kubulungira, ndipo zimatchedwa coccobacilli. Zina ndi zoonda, zosongoka mbali zonse ziwiri. Zina ndi zokhota kamodzi ngati nthochi. Zimenezi ndiye ma vibrio, ndipo mabuku ena amaziika pagulu lapadera ngakhale kuti kamangidwe kake ndi ka ndodo yopindika basi. Kachilombo ka anthrax kali ndi nsonga zodulidwa bwino ndipo kamalumikizana ndi tinzake m'mizere yaitali yooneka ngati mfundo za nsungwi. Ka matenda a kafumbata, Clostridium tetani, kamapanga njere yolimba kunsonga imodzi moti kamaoneka ngati chibonga.

Mbiri

Munthu woyamba kujambula mabakiteriya anali Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft, m'dziko la Netherlands. Mu 1683 anapala zoyera za m'mano ake, n'kuziyang'ana pa galasi limene anapanga yekha, ndipo pazithunzi zimene anatumiza ku London pankaoneka kale tindodo, timibulu ndi topotana. Dzina lakuti bakiteriya lenilenilo linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kandodo, ndipo amene analibweretsa m'sayansi ndi Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany. Choncho dzina la gulu lonse la tizilomboti, ngakhale tobulungira, linatengedwa ku maonekedwe a ndodo.

Mu 1872 Ferdinand Cohn anagawa mabakiteriya m'magulu potengera maonekedwe, chifukwa nthawi imeneyo panalibe chinanso choti n'kugwira. M'zaka zotsatira ndodo zingapo zinadziwika: Gerhard Armauer Hansen anaona kachilombo ka khate ku Norway mu 1873, Robert Koch anasonyeza moyo wa kachilombo ka anthrax mu 1876 ndipo analengeza za ka TB pa 24 Malichi 1882, tsiku limene dziko lonse limakumbukira matendawa mpaka lero. Mu 1884 Hans Christian Gram wa ku Denmark anapeza njira yopakira utoto imene imagawa mabakiteriya pawiri: ena amasunga mtundu wa pepo, ena amautaya n'kutenga wa pinki. Njira ya Gram ikugwirabe ntchito m'zipatala za m'Malawi.

Chimene chimaumba ndodo

Selo la bakiteriya lili ndi zinthu zambiri zosungunuka mkati mwake kuposa madzi olizungulira, choncho madzi amakhala akulowa nthawi zonse ndi kulikankha kuchokera mkati. Chimene chimaliletsa kuphulika ndi khoma la selo, lopangidwa ndi chinthu chotchedwa peptidoglycan. Ubale wa selo ndi khoma lake uli ngati wa chubu ndi tayala la njinga: chubu chopopedwa pachokha chimatupa mosalongosoka mpaka kuphulika, koma mkati mwa tayala chimatenga maonekedwe a tayalalo. Khomalo likachotsedwa, mwachitsanzo ndi lysozyme amene amapezeka m'misozi ndi m'malovu, ndodo ija imabulungira, ndipo ikakhala m'madzi wamba imaphulika. Khoma likatulutsidwa lokha popanda zamkati, limasungabe maonekedwe a ndodo ngati chikhungwa cha mtedza.

Khomali ndi ukonde umodzi wokuta selo lonse. Lili ndi tizingwe ta shuga tolumikizidwa ndi timilatho tatifupi ta mapuloteni. Funso limene linavuta asayansi kwa zaka zambiri linali lakuti: selo limadziwa bwanji kuti ukondewo ukule m'litali mokha, osati mbali zonse? Kwa nthawi yaitali ankaganiza kuti mabakiteriya alibe chilichonse chonga mafupa mkati mwawo. Mu 2001 gulu la Jeff Errington ku Oxford linasonyeza kuti puloteni yotchedwa MreB imapanga tizingwe pansi pa khungu la selo, ndi kuti ndi yachibale ndi actin, puloteni ya m'minofu ya munthu. Mu 2011 magulu angapo a ofufuza anaona kuti tizingwe ta MreB timayenda mozungulira selo, mopingasa, pamodzi ndi mapuloteni omanga khoma. Zotsatira zake n'zakuti tizingwe tatsopano ta khoma timaikidwa mozungulira, ngati mikombero ya mono wa nsomba. Mikombero imaletsa mono kufufuma, koma woluka akhoza kuwonjezera mkombero wina pakati pa iwiri ndipo mono umatalika. Bakiteriya amene MreB wake waonongedwa amasiya kutalika n'kuyamba kubulungira.

Kugawikana kuli ndi puloteni yakeyake, FtsZ, imene mu 1991 inapezeka kuti imapanga mkombero pakati penipeni pa selo. Mkomberowo umafinya pang'onopang'ono ngati lamba, uku khoma latsopano likumangidwa kulowa mkati, mpaka selo limodzi lisanduke awiri. Ndodo choncho ili ndi magulu awiri a amisiri: otalikitsa ndi odula. Mabakiteriya ambiri obulungira alibe MreB, ali ndi odula okha. Ofufuza ambiri amakhulupirira kuti ndodo ndiyo inali yoyamba, ndipo obulungira anachokera kwa makolo a ndodo maulendo angapo osiyanasiyana pamene anataya amisiri otalikitsa aja.

Si ndodo zonse zimene zimamangidwa motere. Kachilombo ka TB ndi mabakiteriya a Rhizobium a m'mizu ya nyemba alibe MreB, koma ndi ndodo ndithu. Iwo amakulira kunsonga, monga mmene umakulira muzu. Chilengedwe chinafika pa maonekedwe amodzi kudzera m'njira ziwiri zosiyana, ndipo ichi chokha n'chokwanira kuchenjeza aliyense wofuna kuweruza ubale wa mabakiteriya poyang'ana chithunzi.

Nkhani ya khomayi ndi ya mankhwalanso. Maselo a munthu alibe peptidoglycan, choncho mankhwala oononga khoma amapha bakiteriya osakhudza wodwala. Penicillin, amoxicillin ndi ceftriaxone amagwira mapuloteni olumikiza timilatho tija. Maonekedwe a selo amasintha malinga ndi puloteni imene yagwidwa: mecillinam amaimitsa otalikitsa ndipo Escherichia coli amasanduka kambulu, pamene cephalexin amaimitsa odula ndipo selo limangotalika ngati ulusi osagawikana.

Phindu la kukhala ndodo

Bakiteriya alibe pakamwa. Chakudya chimalowa ndipo zonyansa zimatuluka kudzera pakhungu lonse. Chinthu chobulungira chikamakula, zamkati zimachuluka mofulumira kuposa khungu, monga mmene mtanda waukulu wa nsima umachedwera kuzizira pakati. Ndodo ikamatalika m'mimba mwake simusintha, choncho gawo lililonse la mkati limakhalabe pafupi ndi khungu.

Phindu lina ndi la kusambira. Kwa kanthu kakang'ono chotere, madzi amakagwedeza mbali zonse nthawi iliyonse. Kambulu kamatembenuzidwa mosavuta ngati chipanda choyandama pa Shire, pamene kandodo kamasunga njira yake ngati bwato. N'chifukwa chake mabakiteriya ambiri okhala ndi michira yosambirira ndi ndodo, ndipo obulungira osambira ndi ochepa.

Kolera ndi ndodo yokhota

M'chigwa cha Shire bakiteriya wa ndodo amene amaopedwa kwambiri ndi Vibrio cholerae. Filippo Pacini anamuona mumzinda wa Florence mu 1854, koma anthu sanalabadire mpaka Koch atamupezanso ku Egypt ndi ku Calcutta mu 1883 ndi 1884. Ndi kandodo kakafupi kokhota, ka mchira umodzi kunsonga, ndipo m'dontho la chimbudzi cha wodwala kamathamanga kwambiri moti wozolowera maikulosikopu amakakayikira asanapake n'komwe utoto. Kachilomboka sikalowa m'magazi. Kamamatira kukhoma la matumbo aang'ono n'kutulutsa poizoni amene amachititsa matumbo kukhuthula madzi ndi mchere. Wodwala amatsegula m'mimba zamadzi zonga madzi otsukira mpunga, ndipo akhoza kufa m'maola ochepa chifukwa chotha madzi m'thupi. Chimene chimapulumutsa ambiri si mankhwala opha kachilombo, koma kubwezeretsa madzi ndi Thanzi ORS kapena ndi diripi.

Kukhota kwa kachilomboka si kwangozi. Mu 2017 ofufuza a ku Princeton University ku United States anapeza puloteni yotchedwa CrvA imene imakhala mbali imodzi ya selo n'kuchedwetsa kukula kwa khoma mbali imeneyo. Mbali inayo imakula mofulumira ndipo ndodo imapindika. Atachotsa CrvA, mabakiteriyawo anawongoka ndipo anakhalabe ndi moyo, koma ankavutika kudutsa m'zinthu zothithikana zonga mamina a m'matumbo, ndipo sankakhazikika bwino m'matumbo a nyama zoyeserera. Apa pali umboni wooneka kuti maonekedwe a selo angathandize kachilombo kudwalitsa.

Kolera anayamba kudziwika m'Malawi mu 1973. Chigwa cha Shire n'chotsika ndi chotentha, ndipo Shire, Ruo ndi Mwanza zikasefukira zimagumula zimbudzi ndi kumiza zitsime. M'madera ena a chigwachi madzi a pamjigo ndi amchere, moti anthu amakonda kukatunga kumtsinje. Madzi atasefukira mu Januwale 2015, anthu ambiri anakakhala m'misasa ndipo kolera anabuka ku Nsanje mwezi wotsatira. Kumapeto kwa Malichi chaka chomwecho Unduna wa Zaumoyo unayamba kupereka katemera wakumwa wa kolera m'bomalo kwa anthu pafupifupi 160,000. Mliri waukulu kuposa yonse unalengezedwa pa 3 Malichi 2022, patangodutsa namondwe wa Ana. Nsanje inali m'gulu la maboma oyamba kuvutika, kenako matendawa anafika m'maboma onse a dziko, ndipo pofika pakati pa chaka cha 2023, chimene namondwe wa Freddy anawononganso chigwachi, anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira.

Ndodo zina za m'chipatala

Nsanje ndi limodzi mwa madera ochepa m'Malawi kumene kunabukapo chaola, matenda ofalitsidwa ndi utitiri wa makoswe. Mu 2002 matendawa anayamba pa 16 Epulo, ndipo pofika pa 27 Meyi Unduna wa Zaumoyo unali utawerenga odwala 71. Woyambitsa wake ndi Yersinia pestis, amene Alexandre Yersin anamupeza ku Hong Kong mu 1894. Ndi kandodo kakafupi kwambiri, ndipo kakapakidwa utoto nsonga ziwiri zimada pamene pakati pamayera, moti kamaoneka ngati phini womangira thewera. Chizindikirochi chimapezeka mu mafinya a mwanabele wotupa.

Kachilombo ka TB, Mycobacterium tuberculosis, ndi ndodo yoonda yokhota pang'ono. Khoma lake lili ndi mafuta onga phula, ndipo utoto wa Gram sulowa bwino. Pamafunika njira ya Ziehl-Neelsen: makhololo amapakidwa utoto wofiira n'kutenthetsedwa, kenako amatsukidwa ndi asidi. Mabakiteriya ena ambiri amasuluka, koma a TB amatsala ofiira pakati pa zobiriwira. Njirayi ndi yotchipa ndipo yathandiza zipatala za kumidzi kwa zaka zambiri, koma imafuna kuti tizilombo tikhale tochuluka zedi, masauzande angapo pa mililita imodzi ya makhololo. Ana ndi anthu amene ali ndi HIV kawirikawiri amakhala ndi tochepa, ndipo maikulosikopu imawaphonya. N'chifukwa chake zipatala zambiri tsopano zimagwiritsa ntchito makina a GeneXpert, amene amafufuza DNA ya kachilomboko m'maola pafupifupi awiri ndi kusonyezanso ngati kakumva mankhwala a rifampicin. Khoma lamafutalo limamangidwa pang'onopang'ono: Escherichia coli akhoza kugawikana m'mphindi 20 zilizonse, pamene wa TB amatenga maola 15 mpaka 20. Mankhwala a TB amamwedwa kwa miyezi 6.

Mbale wake, Mycobacterium leprae woyambitsa khate, amaoneka chimodzimodzi pa utoto womwewo, koma amagawikana kamodzi pa masabata pafupifupi awiri ndipo mpaka lero palibe amene anakwanitsa kumumeretsa m'mbale za mu labotale. Dziko la Malawi linafika pa mlingo woti khate silinalinso vuto lalikulu la zaumoyo mu 1994, ngakhale odwala atsopano amapezekabe chaka ndi chaka.

Taifodi imayamba ndi Salmonella Typhi. Kafukufuku wa katemera watsopano wa matendawa anayamba mu 2018 pa ana oposa 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa mumzinda wa Blantyre, ndipo mu Meyi 2023 katemerayo anaperekedwa kwa ana m'dziko lonse.

M'munda, m'dambo ndi m'chikho

Ndodo zambiri sizidwalitsa munthu. Mlimi akazula khobwe, mtedza kapena nandolo amaona timibulu pamizu. Mkati mwake muli mabakiteriya a gulu la Rhizobium amene amatenga nayitulojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Akalowa m'timibuluto ambiri amasiya maonekedwe a ndodo, amatupa, ndipo ena amachita nthambi. Kambulu kogwira ntchito kamakhala kofiirira mkati kakang'ambidwa. Thobwa ndi chambiko zimasasa chifukwa cha mabakiteriya osandutsa shuga kukhala asidi, ndipo ambiri a iwo ndi ndodo za gulu la Lactobacillus.

Bacillus thuringiensis, wa m'dothi, ali ndi mbiri yapadera ku Chikwawa. Akamapanga njere yake yolimba amapanganso kamwala ka puloteni kamene kamasungunuka m'matumbo a mbozi kapena mphutsi n'kuwaboola, koma sikavulaza munthu, nsomba kapena ziweto. Kuyambira mu 2016 mpaka 2018, m'midzi yozungulira nkhalango ya Majete, anthu ongodzipereka ankapopera mtundu wina wa bakiteriyayu, wotchedwa Bti, m'zithaphwi ndi m'maenje kuti aphe mphutsi za udzudzu. Izi zinali mbali ya Majete Malaria Project, imene College of Medicine, African Parks ndi The Hunger Project anatengamo gawo. Mankhwalawo amaphadi mphutsi, koma kafukufukuyo sanapeze kuti kupoperako kunachepetsa malungo kuposa mmene masikito ndi chithandizo cha kuchipatala zinkachepetsera kale. M'dera la madambo ambiri ngati limeneli, kupeza chithaphwi chilichonse pa nthawi yake si ntchito yamasewera. Bakiteriya yemweyu ndiye gwero la thonje la Bt, limene lili ndi kachidutswa ka DNA yake kuti lizipha lokha mbozi zoboola thonje. Alimi a m'Malawi anayamba kulidzala m'nyengo ya ulimi ya 2019/2020, ndipo chigwa cha Shire ndi limodzi mwa madera akuluakulu olima thonje.

Mmodzi mwa achibale apafupi kwambiri a Bacillus thuringiensis ndi Bacillus anthracis, woyambitsa anthrax, amene njere zake zimakhala m'dothi zaka zambiri. Kumapeto kwa 2018 anapha mvuu zambiri pa mtsinje wa Shire mu Liwonde National Park. Mabakiteriya awiriwa amafanana kwambiri m'maonekedwe ndi mu DNA. Kusiyana kwawo kwakukulu kuli pa tizidutswa tating'ono ta DNA towonjezera timene timanyamula malangizo opangira poizoni, wina wopha mbozi, wina wopha ng'ombe ndi munthu.

Pamene maonekedwe amalekezera

Wa mu labotale akalandira magazi, mafinya kapena madzi a pamsana, chinthu choyamba chimene angathe kunena m'mphindi zochepa ndi maonekedwe ndi mtundu wa utoto: tindodo ta pinki, kapena timibulu ta pepo tokhala tiwiritiwiri. Mawu ochepawa ndi ofunika, chifukwa amathandiza dokotala kusankha mankhwala oyambira pamene akudikira zotsatira zina. Koma Salmonella Typhi, Shigella woyambitsa kamwazi ndi Escherichia coli wabwinobwino wa m'matumbo onse ndi tindodo ta pinki tosasiyana pa maikulosikopu. Kuti asiyanitsidwe ayenera kumeretsedwa m'mbale ndi kuyesedwa zimene amadya. Vibrio cholerae amameretsedwa pa chakudya chobiriwira chotchedwa TCBS, pamene amapanga timadontho tachikasu chifukwa amatha kudya shuga wa nzimbe.

Maonekedwe amasinthanso ndi nyengo ya moyo wa selo. Vibrio cholerae akakhala nthawi yaitali m'madzi opanda chakudya amachepa n'kubulungira. Escherichia coli wolowa m'chikhodzodzo amatha kutalika ngati ulusi, ndipo maselo oyera a magazi amavutika kumumeza. Wodwala amene wamwa kale mankhwala asanafike kuchipatala akhoza kukhala ndi ndodo zotupa kapena zotalika zimene sizifanana ndi za m'buku.

Ngakhale mayina amasokoneza ophunzira. Mawu akuti bacillus olembedwa ndi chilembo chaching'ono amatanthauza bakiteriya aliyense wa ndodo. Bacillus wa chilembo chachikulu ndi mtundu umodzi wokha wa mabakiteriya opanga njere, monga wa anthrax ndi wa Bt; Escherichia coli ndi ndodo koma si Bacillus. Palinso gulu lalikulu lotchedwa Bacilli, limene linakhazikitsidwa potengera ubale wa DNA, ndipo m'gulu limeneli muli Staphylococcus woyambitsa zithupsa ndi Streptococcus woyambitsa chibayo, amene onse ndi obulungira.